Ngongole Ziŵiri Zimene Zimatsala Ntchito Ikatha

Nyengo yokolola ikafika m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, ntchito zolembedwa zimachuluka. Kwa Kasakula, ku Malomo, ku Mponela ndi ku Madisi, ogula soya, mtedza ndi chimanga amaimika masikelo awo, nalemba achinyamata oti aziyeza matumba ndi kulemba m'kaundula. Eni zigayo amafuna woyendetsa makina, eni magolosale amafuna wogulitsa, ndipo mabungwe a alimi amafuna kalaliki wosunga mabuku. Palinso ntchito zosaona nyengo, monga za kuchipatala, za kusukulu ndi za m'timaofesi totumizira ndalama pa foni. Anthu onseŵa, tsiku limene ayamba ntchito, amalandira zinthu ziŵiri: lonjezo la malipiro, ndiponso mpata woona zam'kati mwa ntchito ya mwini wake, zimene anthu odutsa pamsewu saziona.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina mwini sikelo amangoti, "Iwe, maŵa usabwerenso," ndipo ntchito yathera pomwepo. Pamenepo mitima imatentha, ndipo kaŵirikaŵiri onse aŵiri amalakwa. Wochotsedwayo amaganiza kuti popeza ntchito yatha, pakamwa pake pamasuka, kotero kuti akhoza kukakhuthula pabawo kapena pamsika zonse zimene adaona m'mabuku a bwana wake. Nayenso bwana amaganiza kuti popeza munthuyo wachoka, alibenso naye mangaŵa, ndipo ena amafika poopseza kuti, "Ukangopita ku leba ndikumangitsa chifukwa choulula zinsinsi zanga." Malamulo a dziko la Malaŵi amatsutsa maganizo onse aŵiriŵa. Ntchito ikatha pamatsala ngongole ziŵiri. Wantchito amatsala ndi ngongole yosunga zinsinsi zenizeni zimene adapatsidwa mokhulupiriridwa, ndipo bwana amatsala ndi ngongole yopereka zonse zimene lamulo limanena kuti nza wantchitoyo. Ngongole ziŵirizi nzosiyana, ndipo imodzi siingagwidwe chikole chifukwa cha inzake.

Kumene malamulowo adachokera

Akuluakulu amene adagwira ntchito m'maesiteti a fodya kapena m'makampani zaka za m'ma 1970 akukumbukira kuti pa nthaŵi imeneyo bwana ankatha kuchotsa munthu pongom'patsa notisi, popanda kunena chifukwa. Zinthu zidasintha pang'onopang'ono. M'chaka cha 1986 dziko lino lidavomereza pangano nambala 158 la bungwe la ILO, loona za ntchito pa dziko lonse, limene limanena kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka. Malamulo oyendetsera dziko a chaka cha 1994, m'gawo 31, adapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, pamalo posaopsa, ndi kulandira malipiro oyenera. M'chaka cha 1996 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la ubale wa pantchito limene limayendetsa khoti la milandu ya ntchito, lotchedwa Industrial Relations Court. Potsiriza padadza lamulo la ntchito la chaka cha 2000, limene ndilo mutu wa nkhani ino.

Lamulo limeneli silisankha ntchito yaikulu kapena yaing'ono. Limateteza munthu amene adasaina pepala, limatetezanso amene adangogwirizana ndi bwana wake pakamwa pansi pa mtengo. Mlonda wa pagolosale, mtsikana wogwira ntchito m'nyumba ndi mkulu wa kampani ku Kanengo, onse ali pansi pa lamulo limodzi. Amene ali ndi malamulo awoawo ndi asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende.

Kuchotsa munthu ntchito mwa lamulo

Gawo 57 la lamulo la ntchito limafuna zinthu ziŵiri kwa bwana aliyense wofuna kuchotsa munthu. Choyamba ndi chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe la wantchitoyo, luso lake, kapena kayendedwe ka ntchito yeniyeniyo, monga pamene malonda aloŵa pansi. Chachiŵiri nchakuti ngati chifukwacho chikukhudza khalidwe kapena luso, munthuyo apatsidwe mpata wodziyankhira asanachotsedwe. Mwambo wa kumudzi umadziŵa kale zimenezi, pakuti nyakwaŵa sagamula mlandu atangomva mbali imodzi. Bwana amene wapeza kuti matumba aŵiri a soya asoŵa ayenera kuuza kalaliki wake mlanduwo momveka, kum'patsa nthaŵi yokonzekera, kenaka kumva mawu ake ndi a mboni zake. Akam'thamangitsa asanachite zimenezi, khoti likhoza kugamula kuti kuchotsako nkosalungama, ngakhale matumbawo adasoŵadi.

Pali zifukwa zina zimene lamulo limazikaniratu. Munthu sachotsedwa chifukwa cha mtundu wake, chinenero chake, chipembedzo chake kapena chipani chimene amachikonda. Mayi sachotsedwa chifukwa choti ali woyembekezera. Sachotsedwanso munthu chifukwa choti adadwala kapena kuvulala nasoŵa pantchito kwa kanthaŵi, chifukwa choloŵa bungwe la anthu apantchito, kapenanso chifukwa choti adakadandaula ku ofesi ya boma kuti bwana wake akuphwanya lamulo. Mfundo yotsirizayi omvera aisunge, pakuti ibweranso pa nkhani ya zinsinsi.

Nzoona kuti gawo 59 limalola bwana kuchotsa munthu nthaŵi yomweyo, popanda notisi, ngati wapalamula mlandu waukulu: kuba, kunyozera dala malangizo oyenera, kunyalanyaza ntchito mobwerezabwereza, kujomba popanda chilolezo ndi chifukwa, kapena kunama kuti ali ndi luso limene alibe. Kuulula dala chinsinsi chachikulu cha ntchito kwa opikisana nawo malonda kukhoza kuŵerengedwa pa milandu yotereyi. Komabe ngakhale pamenepa munthu ayenera kumvedwa. Ndipo mlandu ukafika ku khoti, gawo 61 limasenzetsa bwana katundu wosonyeza chifukwa chimene adachotsera munthuyo, ndi kuti adachita mwachilungamo. Akalephera, khoti limatenga kuti kuchotsako kudali kosalungama. Lamulo limazindikiranso za bwana wochenjera, amene sanena kuti "choka" koma amazunza munthu mpaka atasiya yekha ntchito. Gawo 60 limatenga kusiya kotereku ngati kuchotsedwa.

Ngongole ya bwana

Munthu aliyense wochotsedwa, ngakhale amene wapezeka wolakwa, ayenera kulandira malipiro a masiku amene adagwira kale ntchito, pamodzi ndi ndalama ya masiku a tchuthi amene adawagwirira koma sadapume. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa ogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa ogwira masiku asanu. Lamulo limati ndalama zimenezi ziperekedwe pasanathe masiku 7 chithere ntchito. Ngati munthuyo anali pa penshoni, zimene zidasonkhedwa, 10 kwacha pa 100 kwacha iliyonse kuchokera kwa bwana ndi 5 kwacha kuchokera kwa iye mwini, zimakhalabe m'dzina lake ku bungwe losunga penshoni. Kuchotsedwa sikuzifafaniza.

Amene sadapalamule mlandu waukulu ayeneranso kupatsidwa notisi, kapena ndalama m'malo mwa notisiyo. Wolandira malipiro pa mwezi notisi yake ndi mwezi wathunthu, ndipo wolandira pa sabata amene sadakwanitse zaka ziŵiri notisi yake ndi sabata imodzi. Palinso ndalama ya zaka zimene munthu wagwira, yotchedwa severance allowance. Chisinthire lamulo m'chaka cha 2010, ndalama imeneyi imaperekedwa kwa amene wachotsedwa chifukwa chochepetsa antchito kapena mavuto a zachuma pa kampani, ndiponso kwa amene wachotsedwa mosalungama, malinga ngati adakwanitsa chaka chimodzi. Kaŵerengedwe kake nkotere: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata 3 pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi kufika chakhumi, ndi masabata 4 pa chaka chilichonse chopitirira pamenepo.

Khoti likapeza kuti munthu adachotsedwa mosalungama, likhoza kulamula kuti abwerere pa ntchito yake, kapena apatsidwe ina yofanana nayo, kapena alandire chipukuta misozi. Gawo 63 lidaika malire apansi a chipukuta misozicho: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene sadapitirire zaka 5, masabata 2 kwa wa zaka zopitirira 5 kufika 10, masabata 3 kwa wa zaka zopitirira 10 kufika 15, ndi mwezi wathunthu pa chaka chilichonse kwa wopitirira zaka 15. Mwachitsanzo, kalaliki wa bungwe la alimi amene wagwira zaka 7 zathunthu nachotsedwa popanda kumvedwa ayenera kulandira malipiro a masabata 16 monga ndalama ya zaka, ndipo chipukuta misozi chake sichingachepere malipiro a masabata 14. Khoti likhoza kupereka zoposa pamenepo, poona mmene munthuyo wavutikira, ndipo limaonanso ngati iye mwini adathandizira kuti achotsedwe.

Kuti malamuloŵa sali a papepala pokha, alimi a ku Ntchisi ndi Dowa ali ndi chitsanzo chimene akuchidziŵa bwino. M'chaka cha 2022 boma lidaimitsa ntchito za ADMARC kuti liikonzenso, ndipo pambuyo pake antchito ake adachotsedwa. Anthu oposa 3,000 adatengera nkhaniyi ku khoti la milandu ya ntchito, limene lidapeza kuti sadachotsedwe mwachilungamo, ndipo m'chaka cha 2024 lidalamula kuti alandire chipukuta misozi. Ngati bungwe lalikulu la boma lidaitanidwa kukayankha, mwini chigayo sangadzione ngati ali pamwamba pa lamulo.

Pali chinthu china chimene ambiri amachiiŵala pochoka, ndicho kalata yosonyeza kuti ntchito yatha. Gawo 31 la lamulo la ntchito limati wantchito akaipempha, bwana aipereke, ndipo mulembedwe dzina la bwana, mtundu wa ntchito, zaka zimene munthuyo wagwira, udindo wake ndi malipiro ake. Chifukwa chochotsedwera chilembedwe pokhapokha ngati mwini wake wapempha, ndipo bwana saloledwa kuikamo maganizo ake pa kagwiridwe ka ntchito ka munthuyo ngati sadapemphedwe kutero. Apa lamulo likusonyeza kuti chinsinsi chili mbali zonse ziŵiri. Nayenso wantchito ali ndi mbiri yake yoyenera kusungidwa, kuti kulakwa kwa tsiku limodzi kusam'tsekere zitseko zonse.

Ngongole ya wantchito

Tsono chinsinsi chimene wochotsedwa ayenera kusunga ndi chiti? Pa nkhani imeneyi makhoti a Malaŵi amatsata kwambiri mfundo za malamulo a ku England, zimene zidaloŵa m'dziko muno m'chaka cha 1902, pa nthaŵi ya atsamunda. Mlandu wotchuka pa nkhaniyi udaŵeruzidwa ku England chapakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo udali wa nkhuku. Kampani ya Faccenda Chicken inkagulitsa nkhuku zophedwa kale pa magalimoto oziziritsa, ndipo mkulu wa zamalonda, Bambo Fowler, atasiya ntchito adayamba malonda omwewo m'dera lomwelo, natenga ena mwa anzake akale. Kampani idam'sumira kuti akugwiritsa ntchito zinsinsi zake, monga maina a ogula, misewu yoyendamo ndi mitengo. Khoti lidakana dandaulolo, ndipo pokana lidasiyanitsa mitundu ya zinthu zimene munthu amadziŵa pantchito.

Mtundu woyamba ndi zinthu zodziŵika kale kwa aliyense, monga mtengo wa soya wolembedwa pa chikwangwani kapena nthaŵi yotsegulira golosale. Izi si chinsinsi konse. Mtundu wachiŵiri ndi luso ndi nzeru zimene munthu amaphunzira pogwira ntchito, zimene zakhazikika m'mutu mwake: kuzindikira mtedza wouma bwino, kukonza lamba wa chigayo, kudziŵa midzi imene imakolola msanga. Adakali pantchito sayenera kupatsa zimenezi opikisana ndi bwana wake, koma ntchito ikatha nzake, ndipo ali ndi ufulu wodyera nazo kwina kulikonse. Mtundu wachitatu ndiwo zinsinsi zenizeni, zimene mwini wake adazibisa dala nauza wantchito kuti nzobisika, ndipo zikaululika zikhoza kugwetsa malonda: kasakanizidwe ka mankhwala kapena chakudya cha ziŵeto kamene kampani idatulukira yokha, mtengo wobisika umene yalemba popikisana kuti ipeze kontrakiti, manambala otsegulira sefa kapena kompyuta. Zimenezi munthu amazisunga ngakhale ntchito itatha, ngakhale atachotsedwa mwankhanza.

Kusiyanitsa kumeneku nkofunika kwa mnyamata wa kwa Kasakula amene wachotsedwa pa sikelo nafuna kuyamba kugula yekha mbewu, kapena kukaloŵa ntchito kwa wogula wina tsidya lina la msewu. Lamulo silim'letsa. Bwana wake wakale sangam'lande zimene zili m'mutu mwake. Chimene saloledwa ndicho kunyamula kaundula wa bwanayo, kukopera maina a alimi ndi ngongole zawo asanachoke, kapena kujambula masamba a mabuku pa foni kuti akagwiritse ntchito kwina. Makiyi, mabuku, zidindo ndi foni ya ntchito abweze, ndipo ndi nzeru kubweza pamaso pa mboni ndi kulemberana. Mabwana ena amasainitsa pangano loletsa munthu kugwira ntchito yofanana akachoka. Makhoti amalemekeza pangano lotere pokhapokha ngati likuteteza chinthu chenicheni, ndipo nthaŵi yake ndi dera lake nzosapyola muyeso. Pangano loletsa munthu kugula mbewu m'Chigawo chonse cha Pakati kwa moyo wake wonse silingaime.

Zinsinsi zolemera koposa kaŵirikaŵiri sizikhala za bwana, koma za anthu ena amene adakhulupirira ntchitoyo. Wogwira ntchito pachipatala amadziŵa matenda a anthu a m'mudzi mwake, ndipo ena mwa iwo ndi apongozi ake kapena anzake opemphera nawo. Lamulo la HIV ndi Edzi la chaka cha 2018 limaletsa kuulula mmene magazi a munthu alili popanda chilolezo chake, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula, ndipo limaletsanso bwana kuchotsa munthu ntchito chifukwa choti ali ndi kachilomboka. Wotumiza ndalama pa foni amadziŵa amene amalandira thandizo kuchokera kwa mwana wake ku Johannesburg ndi kuchuluka kwake. Kalaliki wa banki ya m'mudzi amadziŵa amene akulephera kubweza ngongole. Lamulo loteteza mbiri za anthu la chaka cha 2024, limene limayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, lidalimbitsa udindo wosunga zinthu zoterezi. Munthu akaulula zimenezi pofuna kukhaulitsa bwana amene wam'chotsa, wovulala si bwanayo ayi, koma mayi wosalakwa amene maŵa adzasoŵa poponda pachitsime. Madzi akatayika saoleka.

Antchito a boma ali ndi udindo wina woonjezera, pansi pa lamulo la zinsinsi za boma limene lidayamba m'chaka cha 1913, ndiponso malumbiro a maofesi awo. Kuti mawu a mseri akhoza kufika patali, dziko lonse lidaona mu Januwale 2022, pamene mawu a Mayi Martha Chizuma, amene anali mkulu wa bungwe lolimbana ndi katangale la ACB, adafala pa mafoni. Munthu amene ankayankhula naye pa foni adajambula mobisa zokambirana zokhudza ntchito ya bungwelo. Dr Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthaŵiyo, adawadzudzula poyera koma adawasiya pa udindo. Mu Disembala chaka chomwecho apolisi adawamanga mbandakucha kunyumba kwawo ku Lilongwe chifukwa cha mawu omwewo, ndipo milanduyo idathetsedwa mu Febuluwale 2023. Anthu adagaŵikana maganizo pa nkhaniyi, koma phunziro limodzi lidaonekera kwa onse: masiku ano foni imasunga chilichonse, ndipo mawu onenedwa kwa munthu mmodzi madzulo akhoza kumveka dziko lonse kusanache. Akale adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza.

Chinsinsi sichifunda zoipa

Komatu udindo wosunga chinsinsi uli ndi malire, ndipo apa ndi pamene kuopseza kwa mabwana ena kumathera. M'chaka cha 1856 khoti lina ku England lidamva mlandu wa Gartside ndi Outram, pamene amalonda a ubweya wa nkhosa adafuna kutseka pakamwa kalaliki wawo wakale amene ankati iwo amabera anthu ochita nawo malonda. Khoti lidagamula kuti munthu sangasungitse mnzake chinyengo nkumachitcha chinsinsi. Mfundo imeneyi ilipobe. Kalaliki amene adauzidwa kuti azigwiritsa sikelo yokhotetsedwa, yodya makilogalamu aŵiri pa thumba lililonse la mlimi, saphwanya lamulo akakanena kwa apolisi kapena ku Malawi Bureau of Standards, bungwe loyesa masikelo ndi miyeso. Amene waona mankhwala a chipatala cha boma kapena feteleza wa alimi akutulukira khomo la kuseri, akakanena ku ACB amatetezedwa ndi lamulo lolimbana ndi katangale la chaka cha 1995, limene m'chaka cha 2004 lidaonjezeredwa gawo loteteza oulula ndi kubisa maina awo. Nalonso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, lili ndi chitetezo cha antchito oulula zolakwa mwachilungamo.

Chofunika nkudziŵa khomo loyenera kugogoda. Kunena kwa apolisi, ku ACB, ku ofesi ya leba kapena kwa loya nkosiyana ndi kulengeza pa Facebook, pamaliro kapena pamowa. Woulula kwa oyenera, ali ndi chifukwa chokhulupirira zimene akunena, lamulo lili kumbali yake. Wofalitsa nkhani pamsika popanda umboni akhoza kusumiridwa chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, ndipo mlandu wake wa malipiro, umene ukadayenda bwino, umasokonezeka ndi mlandu watsopano. Chimodzimodzinso, munthu akamafotokoza nkhani ya kuchotsedwa kwake kwa mkulu wa leba kapena kwa oŵeruza, natchula malipiro ake, maola ake ndi zimene zidachitika tsikulo, sakuulula chinsinsi cha munthu aliyense. Akugwiritsa ntchito ufulu umene lamulo lidam'patsa. Akuluakulu a leba nawonso ali ndi udindo wosunga zinsinsi za malonda zimene amaona poyendera malo a ntchito. Choncho bwana sanganene kuti, "Ndikupatsa ndalama zako ukalonjeza kuti sukadandaula," monganso wantchito sanganene kuti, "Mukapanda kundilipira ndiulula zonse." Woyambayo akumana mnzake chimene chili chake kale, ndipo wachiŵiriyo akuopseza pofuna ndalama, zimene zikhoza kum'gwetsa m'manja mwa apolisi.

Njira ya dandaulo

Pa mwambo anthu amati mlandu suola, koma dandaulo la kuchotsedwa ntchito lili ndi nthaŵi yake. Gawo 62 limapatsa wochotsedwa miyezi 3 kuchokera tsiku lochotsedwa kuti akadandaule kwa mkulu wa ofesi ya leba ya m'boma lake. Kwa anthu a kwa Kasakula, Chikho, Nthondo, Kalumo ndi Chilooko imeneyi ndi ofesi ya pa boma la Ntchisi, ndipo a ku Dowa ali ndi yawo. Mkulu wa leba amaitana mbali zonse ziŵiri kuti ayese kuziyanjanitsa, ndipo milandu yambiri ya malipiro imathera pomwepo. Akalephera pakatha mwezi umodzi, nkhaniyo ikhoza kupita ku khoti la milandu ya ntchito, limene kwa anthu a m'Chigawo cha Pakati lili ku Lilongwe. Khoti limeneli lidakonzedwa kuti munthu wamba athe kudziyankhulira yekha m'chinenero chake. Wosoŵa ndalama ya loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, wa m'bungwe la antchito akhoza kuperekezedwa ndi atsogoleri ake, ndipo antchito a boma amathanso kukadandaula ku ofesi ya Ombudsman.

Ambiri amataya ufulu wawo chifukwa cha zinthu zazing'ono. Ena amadikira kuti mtima wa bwana uphwe, miyezi nkumapita. Ena amaŵerengera ndalama ya kabaza kapena matola yopitira ku boma naiona yochuluka, osaŵerengera masabata a malipiro amene akuwasiya. Enanso amasaina pepala lonena kuti alandira zonse ndipo alibenso dandaulo, asanaliŵerenge, chifukwa chofuna kandalama kam'manja tsiku lomwelo. Safunsa adadya phula. Munthu ali ndi ufulu wopempha kuti apite nalo pepalalo kunyumba, akaŵerengetse kwa wodziŵa, asanaikepo dzina kapena chala chake.

Umboni umene wochotsedwa amafunika si mabuku a bwana, koma zinthu zake zomwe: kalata yom'lembera ntchito ngati ilipo, timapepala ta malipiro, mauthenga a pa foni amene bwana adam'tumizira, kalata yom'chotsa, ndi maina a anthu amene adaona kapena kumva. Amene alibe pepala lililonse alembe m'kope tsiku limene adayamba ntchito, malipiro ake, tsiku limene adachotsedwa ndi mawu amene adanenedwa, zinthu zidakali m'mutu. Mabuku a ntchito akafunika, mkulu wa leba ndi khoti ali ndi mphamvu yolamula kuti abweretsedwe. Wowatenga yekha mobisa amapatsa bwana wake ndodo yom'menyera.

Nawonso eni ntchito apindula akatsata njira yoongoka. Kuuza wantchito pachiyambi zinthu zimene zili zobisika, kulemba malipiro m'buku ndi kusainirana, kumva munthu asanachotsedwe, ndi kum'patsa zake pasanathe masiku 7, zimenezi nzotsika mtengo poyerekeza ndi maulendo a ku Lilongwe ndi chipukuta misozi. Ndiponso munthu amene wachoka atalandira zake zonse ndi kalata yake m'manja alibe chifukwa chosungira mkwiyo, ndipo kaŵirikaŵiri ndi amene amasunga pakamwa.

M'midzi ya m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, bwana ndi wantchito sasiyana kwenikweni ntchito ikatha. Adzakumana kutchalitchi, kumanda ndi pamsika wa Loŵeruka, ndipo mwina chaka chamaŵa wina adzafuna mnzake. Wantchito akabweza makiyi, nasunga zimene adaona m'mabuku ndi m'kaundula wa odwala, napita ku leba miyezi 3 isanathe ngati walakwiridwa, wakwaniritsa mbali yake ndipo sadataye kanthu. Bwana akapereka chifukwa, namva mnzake, nalipira zonse pa nthaŵi yake, nayenso wakwaniritsa yake, ndipo chinsinsi cha malonda ake lamulo lidzachiteteza.